Mbiri ya Chombo cha Maina Asanu



M'tsamba lino tifuna kukufotokozerani mbiri ya chombo china cha pa nyanja yaikulu ya mchere, chimene chinayamba nchito yake ndi kusenza anyezi, ndipo chinakhala pamadzi zaka 95. Anthu odziwa za zombo amati chombo cha akatundu chikagwira nchito zaka 25 kapena 30 chakalamba. Pamenepo eni ake amachigulitsa kwa ophwasula, amene amachidula nthulinthuli ndi kusungunula chitsulo chake. Koma chombo ichi, ngakhale nchito yake inatha kanai konse, sichinagwe m'manja mwa ophwasulawo. Pakuti nthawi iri yonse anapezeka wina wakuchigula, nachikonzanso, nachipatsa nchito yina ndi dzina lina. Maina ake ndi awa: Medina, Roma, Franca C, Doulos, ndi Doulos Phos.

Musazizwe ndi kuchuluka kwa mainawo. Pakati pa ife tomwe munthu sakhala ndi dzina limodzi kufikira imfa yake. Liripo dzina la ubwana, liripo la ku chinamwali kapena la ubatizo; akabala mwana amuitana ndi dzina la mwanayo, ndipo akalowa ufumu alowanso dzina la malume ake. Dzina liri lonse linena za msinkhu wake ndi za katundu amene wasenza pa nthawiyo, koma munthu ndi yemweyo. Zombo ziri chimodzimodzi. Mwini watsopano afafaniza dzina lakale pa mphuno ya chombo ndi kumbuyo kwake, nalemba lake. Ndipo wakuwerenga maina a chombo motsatana adziwa amene anachilamulira ndi zimene chinanyamula.

MEDINA, 1914 KUFIKIRA 1948

Chombochi chinamangidwa ku Newport News, m'chigawo cha Virginia, ku gombe la kum'mawa kwa America. Anachimangitsa ndi amalonda a kampani ya Mallory, amene zombo zao zinali kuyenda pakati pa New York ndi madoko a kumwera. Anamangitsa ziwiri zofanana ngati mapasa, nazitcha maina a mitsinje ya ku Texas: china Neches, china Medina. Medina anachitsitsira m'madzi pa 22 August, 1914, masiku omwewo nkhondo yaikulu yoyamba itangobuka ku Ulaya.

Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu April 1912, chombo chachikulu Titanic chinagunda phiri la madzi oundana pa ulendo wake woyamba, nichimira pamodzi ndi anthu oposa 1,500. Chimenecho chinali chombo cha ulemerero, chimene dziko lonse linachidziwa chisanayambe kuyenda. Medina chinali chombo wamba cha akatundu. Utali wake unali mamita 130, ndiko kuposa pang'ono bwalo la mpira, ndipo m'mimba mwake munali zipinda zazikulu zamdima zoikamo matumba ndi mabokosi.

Kamangidwe kake kayenera kuti mukamvetse, pakuti ndi kamene kanachisunga. Masiku amenewo amisiri sanali kuotcherera zitsulo monga achita lero. Anali kutenga malata ochindikala achitsulo, nawasanjikiza m'mphepete, naboola mabowo, nalowetsamo misomali yonenepa yofiira ndi moto. Munthu mmodzi agwiriza mutu wa msomali mbali yina, mnzake akhoma ndi nyundo mbali yinayo. Msomali ukazizira ufupika, nukoka malata awiriwo kolimba kotero kuti madzi sapeza polowera. Misomali yotere inali yosawerengeka m'thupi la chombo chimodzi, ndipo uli wonse unapita m'manja mwa munthu.

Mphamvu yake yoyendera inachokera ku nthunzi. Pansi penipeni pa chombo panali ng'anjo, ndipo amuna osonkha moto anali kuponyamo malasha ndi mafosholo usana ndi usiku, mosinthana, m'kutentha koopsa. Madzi a m'mitsuko yaikulu yachitsulo anawira, nthunzi yake nikankha makina, makinawo nazunguza chopalasira cha kumbuyo. Motero chinatha kuyenda mamailo a panyanja 14 pa ora limodzi.

Njira yake inali yochokera ku New York, kutsika ndi gombe, kuzungulira nsonga ya Florida, kufikira ku Galveston m'chigawo cha Texas, limene linali doko lalikulu la thonje. Katundu amene akumbukiridwa pa maulendo ake oyamba ndiye anyezi. Palibe wolemba mbiri amene akadaganiza kuti chombo chonunkha anyezi chidzaona zaka za adzukulu a amisiri amene anachimanga.

M'chaka cha 1917 America analowa nkhondo, ndipo boma linatenga mapasa aja kuti asenze zosowa za asilikari kuoloka nyanja ya Atlantic, m'madzi m'mene zombo za adani zoyenda pansi pa nyanja zinali kumiza zombo zambiri. M'chaka cha 1918 Neches chinagundana ndi chombo china pafupi ndi gombe la England, nichimira, chisanakwanitse zaka zinai. Medina chinabwerera kwao chamoyo. Zinamangidwa ndi amisiri amodzi, ndi chitsulo chimodzi, pa muyeso umodzi. Koma china chinakhala zaka zosakwana zinai, chinzake zaka zoposa zana.

Itatha nkhondo chinabwerera ku malonda ake. M'chaka cha 1922 anasintha ng'anjo zake kuti zizitentha mafuta m'malo mwa malasha, ndipo nchito yowawa ya mafosholo inatha. M'chaka cha 1932 kampani ya Mallory inaphatikana ndi yina, nizitchedwa Clyde-Mallory. Pa nkhondo yaikulu yachiwiri chombochi chinagwiranso nchito ya boma, nichipulumukanso. Koma mtendere unachibweretsera bvuto limene nkhondo sinachibweretsere. Pa zaka za nkhondoyo America anamanga zombo za akatundu zotchedwa Liberty zoposa 2,700, ndipo itatha nkhondo zambiri za izo zinali kugulitsidwa pa mtengo wochepa. Ndani akadafuna nkhalamba ya zaka 34, pamene zombo zatsopano zinali mbwee m'madoko? Pamenepo nchito yake yoyamba inatha.

ROMA, 1948 KUFIKIRA 1952

Ku Ulaya kusowa kunali kwina. Zombo zambiri zonyamula anthu zinamira m'nkhondo, ndipo anthu ofuna kuoloka nyanja anali ochuluka koposa malo ogonamo. Chifukwa chake m'chaka cha 1948 kampani yina yolembedwa ku Panama inagula Medina, nichitumiza ku La Spezia m'dziko la Italy. Kumeneko amisiri anamanga nyumba zosanjikizana pamwamba pake, nagawa m'kati mwake zipinda. M'mene munali kugona matumba anaikamo makama. Anakonza malo a anthu 287 m'zipinda zazing'ono, ndi a anthu 694 m'zipinda zazikulu zogona ambiri pamodzi.

Dzina latsopano linachokera ku nchito yatsopano. Papa Pius XII analengeza chaka cha 1950 kuti ndi Chaka Choyera, ndipo Akatolika a maiko ambiri anafuna kupita ku mzinda wa Roma kukapemphera. Tsono chombo anachitcha Roma, ndipo m'chaka chimenecho chinaolotsa aulendo achipembedzo kuchokera ku America kunka ku Ulaya.

Chisanathe chakacho chinalandira aulendo a mtundu wina. M'misasa ya ku Germany munali anthu ambirimbiri amene nkhondo inawazula kwao, ochokera ku Poland, ku Ukraine, ku Latvia ndi ku maiko ena a kum'mawa kwa Ulaya. Midzi yao inapasuka, kapena inagwa m'manja mwa maboma amene iwo anawaopa, ndipo analibe kobwerera. Dziko la Australia linabvomera kulandira anthu otere okwana ngati 170,000 m'zaka zotsata nkhondo. Kumapeto kwa 1950 Roma chinanyamuka ku doko la Bremerhaven ndi anthu oposa 900, nichiwafikitsa ku Newcastle, ku gombe la kum'mawa kwa Australia, m'mwezi wa December. Talingalirani ulendo wa masabata ambiri m'zipinda zothinana, amai ndi makanda, nkhalamba ndi anyamata, ali yense ndi kabokosi kamodzi ka zonse zimene zinamtsalira pa dziko lapansi. Mwa akatundu onse amene chombochi chinasenza, amenewa ndiwo anali olemera koposa.

Koma Chaka Choyera chinali chaka chimodzi chokha. Aulendo achipembedzo atatha, ndalama za eni chombo zinathanso, nalephera kulipira ngongole zao. M'chaka cha 1951 anachimangirira pa doko la Belfast, mzinda womwewo umene Titanic chinamangidwa, ndipo chinakhala pamenepo chopanda moto m'ng'anjo, dzimbiri lirikudya. Kachiwiri nchito yake inatha.

FRANCA C, 1952 KUFIKIRA 1977

Ku Genoa, m'dziko la Italy, kunali banja la amalonda lotchedwa Costa, limene linayamba chuma chake ndi malonda a mafuta a azitona, pambuyo pake niliyamba kugula zombo. Mwambo wao unali kutcha zombo maina a anthu a pa banja lao, ndi kuonjezapo chilembo C, choyamba cha dzina la banjalo: Anna C, Andrea C, Federico C. M'chaka cha 1952 anagula Roma, nachitcha Franca C.

Anthu amenewa anapenya thupi la chombo, napeza kuti malata ake ndi misomali yake zikali zolimba, koma makina a nthunzi ndiwo anakalamba, ndipo anali kudya mafuta ambiri. Chifukwa chake anazula makinawo pamodzi ndi mitsuko yake, naikamo injini ya dizilo ya kampani ya Fiat, imene itentha mafuta m'kati mwake mwenimweni, osayamba yawiritsa madzi. Ndi mtima watsopanowo chombo chinayamba kuyenda pakati pa Italy ndi madoko a ku South America, kunyamula makamaka anthu osauka onka kukafuna nchito ndi minda ku maiko a kutsidya.

Nchito imeneyonso inali ndi malire ake. Pofika chaka cha 1958 ndege zazikulu zaliwiro zinayamba kuoloka Atlantic m'maora owerengeka, ulendo umene chombo chinali kuutha m'masiku ambiri. Ndipo anthu ooloka m'mlengalenga anaposa ooloka pamadzi. Zombo zambiri zotchuka zinayenda zopanda anthu, nizigulitsidwa kwa ophwasula. Koma a Costa analingalira kuti, ngakhale anthu safunanso chombo chowafikitsa kwina, alipo ofuna kukwera chombo chifukwa cha kukoma kwa ulendo wokha. M'chaka cha 1959 anachotsa makama osanjikizana a osauka aja, namanga zipinda zokongola za anthu ochepa achuma, ndi chipinda chodyera, ndi thamanda losambiramo pamwamba. Franca C chinakhala chimodzi mwa zombo zoyamba zopatulidwira maulendo okasangalala okhaokha. Chinazungulira nyanja ya Mediterranean, imene inu muidziwa m'maulendo a Paulo, ndi zisumbu za Caribbean. Alendo obvala bwino anadya ndi kubvina pamwamba pa malo amene kale munali anyezi, ndipo ambiri a iwo sanadziwe msinkhu wa chitsulo chimene chinawanyamula.

M'chaka cha 1970 anachiikanso injini yina yatsopano ya Fiat. Koma m'zaka zotsatira mtengo wa mafuta unakwera kwambiri, ndipo zombo zatsopano zazikulu zinakopa alendo. M'chaka cha 1977, chiri ndi zaka 63, eni ake anatsimikiza zochisiya. Kachitatu nchito yake inatha.

DOULOS, 1977 KUFIKIRA 2009

Panali gulu la Akristu a maiko ambiri lotchedwa Operation Mobilisation, limene analiyambitsa George Verwer wa ku America. Kuyambira chaka cha 1970 gululi linali ndi chombo chaching'ono, Logos, chonyamula mabuku kunka ku madoko kumene mabuku anali osowa kapena okwera mtengo. Ndipo nchito itakula anafuna china chachikulu. Chakumapeto kwa 1977 bungwe lao la ku Germany, lotchedwa Gute Bücher für Alle, ndiko kunena Mabuku Abwino kwa Onse, linagula Franca C. Anachikonza ku Bremen, nachotsa thamanda losambiramo, namanga sitolo ya mabuku pamwamba. Ndipo mu June 1978 chinayamba ulendo wake watsopano.

Dzina lakuti Doulos ndi liu la Chihelene, chinenero chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo, ndipo litanthauza kapolo kapena mtumiki. Ndilo liu limene Paulo adzitcha nalo poyamba kalata wake wa kwa Aroma. Kwa ife, amene makolo athu anaona magoli m'makosi mwa abale ao pa njira ya ku Nkhotakota, liu lakuti kapolo ndi lolemera, ndipo sitilitchula mopepuka. Iwo amene analisankha ananena za munthu wodzipereka yekha kwa Mbuye wake mwa kufuna kwake. Maina atatu oyamba anali a mtsinje, a mzinda, ndi a munthu wa pa banja la eni. Lachinai ili ndilo loyamba kunena za nchito ya chombo chenicheni, imene chinaigwira chiyambire, pakuti masiku ake onse chinasenza za ena kunka kumene ena anachituma.

M'chombomo munali kukhala anthu okwana ngati 300, a mitundu yoposa 40, ndipo panalibe mmodzi wolandira malipiro, kuyambira mkulu wa chombo kufikira wotsuka mbale. Ambiri anali anyamata ndi asungwana odzipereka zaka ziwiri. Munalinso mabanja, ndi sing'anga, ndi ophika mkate, ndi sukulu ya ana a amalinyero, ndi aphunzitsi ake. Chikakocheza pa doko chinali kukhala masabata awiri kapena atatu, ndipo anthu a mumzindawo anali kundanda pa mzere kuti akwere. M'sitolo munali mabuku a mitundu zikwi zingapo: Mabaibulo ndi mabuku a chikhulupiriro, komanso a masamu, a zaumoyo, a ulimi, a kuphika, otanthauzira mau, ndi a ana, pa mtengo wakuti munthu wamba akhoza kugula. Inu aphunzitsi, amene mudziwa kugawira ana khumi buku limodzi long'ambika, mudzazindikira chifukwa chake anthu anaima padzuwa maora ambiri kudikira nthawi yao.

Nchitoyi sinali yopanda misozi. Mu January 1988 Logos chinagunda miyala kumwera kwenikweni kwa South America, nichitayika, ngakhale anthu onse anapulumuka. Motero chombo chakale chija chinatsalanso, chinzake chitapita. Ndipo pa 10 August, 1991, Doulos chiri pa doko la Zamboanga m'dziko la Philippines, achinyamata a m'chombo anali kuchita msonkhano wa nyimbo ndi masewero pamaso pa anthu a mumzinda, pamene munthu wina anaponya bomba pakati pao. Asungwana awiri anafa, wina wa ku New Zealand, wina wa ku Sweden, ndipo ambiri analasidwa. Anzao anawalira, koma chombo chinapitirira ulendo wake ku madoko ena.

Kusunga chombo cha msinkhu wotere inali nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Madzi a mchere adya chitsulo kosalekeza. Ndipo m'mawa uli wonse anyamata anali kutuluka ndi tinyundo ndi zopalira, kugogoda dzimbiri, kupala, ndi kupaka utoto, kuyambira ku mphuno kufikira kumbuyo. Akafika kumbuyo, ku mphuno kwayambanso. Pansi, m'phokoso ndi m'mafuta, amisiri anali kusula ndi manja ao zitsulo zimene sizinapezekenso m'sitolo iri yonse. M'chaka cha 1993 chinakhala miyezi yambiri ku Cape Town, m'dziko la South Africa, chifukwa magetsi ake anali a mtundu wakale ndithu. Amisiri odzipereka anadza kuchokera ku maiko osiyanasiyana, nazula nthambo zakale, naika zatsopano m'chombo monse. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili linasenzedwa ndi mitu yambiri, imene maina ake sitiwadziwa.

M'zaka 32 za dzina limeneli chombo chinafika ku maiko oposa 100, ndipo anthu oposa 20 miliyoni anakwera makwerero ake. Buku la Guinness World Records linachilemba kuti ndicho chakale koposa mwa zombo zonse zonyamula anthu zimene zinali kuyendabe pa nyanja zazikulu.

Chimene chinachiimitsa chinabadwa chaka chimodzi ndi icho. Titanic chitamira, maiko anasonkhana ku London, ndipo mu January 1914 anapangana malamulo osungira moyo wa anthu panyanja, amene lero atchedwa SOLAS. Malamulowo anakonzedwa kawirikawiri, makamaka zitachitika ngozi zazikulu. Ndipo kunalamulidwa kuti kuyambira chaka cha 2010 zombo zakale zonyamula anthu zichotse matabwa ndi zina zogwira moto msanga m'zipinda zao. Chakumapeto kwa 2009 Doulos chinalowa m'malo okonzera zombo ku Singapore, m'mene apopa madzi onse kuti chombo chikhale pouma, ndi pansi pake paoneke. Oyesa anayesa kuchindikala kwa malata, napeza kuti m'malo ambiri chitsulo chatha. Kunja utoto woyera unali kuwala, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo wokonzera unaposa 10 miliyoni ya ndalama za ku Ulaya zotchedwa euro. Atsogoleri anaona kuti sikuyenera kuthira ndalama zotere za zopereka za anthu m'chombo cha zaka 95, ndiponso sikuyenera kuika miyoyo ya anthu 300 pa chitsulo chokayikitsa. Pa kutha kwa December 2009 maulendo ake analekeka. Kachinai nchito yake inatha.

DOULOS PHOS, KUYAMBIRA 2010

Nthawi imeneyi ophwasula anali pafupi ndithu. Koma mu March 2010 munthu wamalonda wa ku Singapore, Eric Saw, anachigula, naonjeza pa dzina lake liu lina la Chihelene, Phos, ndiko kuunika. Zaka zingapo anasowa pochiika. M'chaka cha 2013 anachikoka kunka ku chisumbu cha Batam m'dziko la Indonesia kukachikonza, ndipo m'chaka cha 2015 anachifikitsa ku chisumbu cha Bintan. Kumeneko anathira dothi ndi miyala m'nyanja, napanga kamtunda kooneka ngati nangula. Ndipo anachikokera pamtundapo pang'onopang'ono ndi zingwe zachitsulo, chirikutsetsereka pa matumba akuluakulu a mphira odzala ndi mpweya. M'chaka cha 2019 chinatsegulidwa monga nyumba ya alendo ya zipinda 104, ndipo injini yake anaisiya m'malo mwake kuti alendo aione.

Wina adzati, Chombo chokhala pamtunda sichiri chombo. Ndipo mau amenewo ali ndi choonadi chake, pakuti sichidzamvanso mafunde. Wina adzafunsa, Kodi chatsala nchiani cha Medina, popeza ng'anjo zinachoka, makina anasinthidwa kawiri, zipinda zinamangidwa ndi kupasulidwa, ndi dzina linafafanizidwa? Chatsala ndi thupi lija la malata ndi misomali, limene amisiri a ku Newport News analikhoma m'chaka cha 1914. Eni onse otsatira anamanga pa nchito ya anthu amenewo, osawaona nkhope.

Tsono, abale, mukafuna chifukwa chimene chombo ichi chinakhalitsa, muchipeza m'zinthu zitatu zimene mbiri yake yationetsa. Choyamba, chinamangidwa mokhulupirika m'malo osaoneka, pansi pa madzi, m'mene mwini sakadatha kuona ngati mmisiri wanyenga. Chachiwiri, mibadwo inai ya amalinyero inachipala dzimbiri tsiku ndi tsiku, nchito yotopetsa imene palibe ayamikidwa nayo. Ndipo m'mene chisamaliro chotere chinaleka, monga pa doko la Belfast, chombo chinayandikira imfa msanga. Chachitatu, nthawi iri yonse nchito yake itatha, anapezeka munthu wakupenya chinthu chakale ndi kufunsa chimene chikhoza kuchitabe, pamene ena anali kuwerenga zaka zake zokha. Sitinena kuti izi zokha zikwanira, pakuti Neches chinamangidwa bwino chimodzimodzi, ndipo chinamira usiku umodzi. Za ngozi sitilamulira ife. Za msomali ndi za dzimbiri ziri m'manja mwathu.

Aphunzitsi, tengani mapu a dziko lapansi, muonetse ana Newport News, Galveston, La Spezia, Newcastle, Belfast, Genoa, Cape Town ndi Bintan, ndipo iwo alondole ndi chala njira ya chombo ichi, nawerengere okha zaka za dzina liri lonse. Mukatha, tulukani nao mupenye denga la sukulu yanu, ndi zitseko zake, ndi mabuku a m'bokosi, muone pamene chiswe chayamba. Ndipo inu akulu a mipingo, kumbukirani nkhalamba za pakati panu, zimene nchito yao yoyamba inatha, mphunzitsi wopuma ndi mmisiri amene maso ake achita chidima. Musafulumire kunena kuti masiku ao apita, musanafunse katundu amene akhoza kusenzabe. Chombo chija chinalandira mabuku ake oyamba chiri ndi zaka 63.

Tsalani ndi mtendere.